Ulendo wa buku mumzinda wa Lilongwe

Pamisonkhano ya zamaphunziro ndi pamiyambo yokhazikitsa mabuku mu Lilongwe pamamveka kawirikawiri mawu akuti munthu akafuna kubisira Mmalawi chinthu, achilembe m'buku. Anthu amaseka, koma mawuwa amaloza chala owerenga okha n'kusiya mafunso ena ofunika: kodi bukulo likupezeka kuti, likugulitsidwa pamtengo wanji, ndipo lidalembedwa m'chiyankhulo chiti? Mbiri ya mabuku mumzindawu ikuonetsa kuti kuwerenga kwakhala kukudalira njira imene buku limadutsa kuchokera kwa mlembi kukafika m'manja mwa wowerenga. Poyamba njirayo idali m'manja mwa mamishoni, kenaka idagwidwa ndi boma, ndipo kuyambira mu 1994 idagawikana kukhala tinjira tambirimbiri. Pakusintha kulikonse pali mabuku ena amene adapindula ndi ena amene adatsalira, ndipo lomwe latsalira kwambiri masiku ano ndi buku la Chichewa lowerenga pofuna kusangalala.

Mzinda wa zigawo zotalikirana

Mzinda wa Lilongwe udayamba ngati boma laling'ono la atsamunda m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo udakula ndi malonda a mbewu, makamaka fodya. Udakhala likulu la dziko mu 1975 kulowa m'malo mwa Zomba. Pokonzekera kusamukako, boma lidakhazikitsa bungwe la Capital City Development Corporation mu 1968, ndipo mapulani amene adatsatidwa adamwaza mzindawu m'zigawo zotalikirana, zolekanitsidwa ndi nkhalango, madambo ndi mitsinje.

Old Town ndiye tauni yakale. Tsidya lina la mlatho kuli msika waukulu, depoti ya mabasi ndi msewu wa Malangalanga, pamene tsidya linalo kuli positi ofesi, mabanki ndi masitolo akuluakulu. City Centre idamangidwa makilomita angapo chakumpoto, kufupi ndi Capital Hill, kuti ikhale malo a maofesi a boma, a akazembe ndi a mabungwe. Madera a nyumba zotalikirana zamipanda, monga Area 3, Area 9, Area 10, Area 12 ndi Area 43, ndiwo kumakhala akuluakulu a boma, amalonda opata ndi alendo ogwira ntchito m'mabungwe akunja. Koma anthu ochuluka a mumzindawu amakhala ku Kawale, Biwi, Mchesi, Chilinde, Area 23, Area 25, Chinsapo, Mtandire, Mgona ndi Kauma.

Kalembera wa mu 2018 adapeza kuti mumzinda wa Lilongwe mudali anthu 989 318, komanso kuti m'dziko lonse anthu pafupifupi 69 mwa 100 aliwonse a zaka zisanu kupita mtsogolo ankadziwa kulemba ndi kuwerenga. Choncho odziwa kuwerenga alipo ambiri. Vuto lomwe kamangidwe ka mzindawu kadabweretsa n'lakuti masitolo a mabuku ali ku Old Town, laibulale yaikulu ili ku City Centre, ndalama zogulira mabuku zili m'mipanda ya ku Area 10 ndi Area 43, pamene owerenga ochuluka ali kwina. Mwana wa ku Chinsapo amene akufuna kukawerenga ku City Centre amayenera kukwera minibasi kufika m'tauni, n'kukweranso ina, ndipo pobwerera n'chimodzimodzi. Ndalama yoyendera imakhala mtengo woyamba wa buku, ngakhale bukulo litakhala lobwereka.

Chiyambi: Nkhoma ndi Likuni

Mabuku oyamba kufika m'manja mwa anthu a m'chigawo chapakati adali a mpingo. Amishoni a Dutch Reformed Church ochokera ku South Africa adafika ku Mvera mu 1889, ndipo mu 1896 adatsegula mishoni ya Nkhoma, yomwe ili m'boma la Lilongwe pamtunda wa makilomita pafupifupi 50 kuchokera mumzinda. Iwo adali ndi makina osindikizira amene ankatulutsa mabuku ophunzirira kuwerenga, katekisma, mabuku a nyimbo ndi magazini ya Mthenga. Mmodzi wa amishoniwo, William Murray, ndiye adatsogolera gulu lomwe lidamasulira Baibulo lonse, ndipo Buku Lopatulika lidatuluka mu 1922. Mpaka lero, m'nyumba zambiri za mu Lilongwe momwe mulibe buku lina lililonse, Baibulo ndi buku la nyimbo sizisowa.

Ku Nkhoma komweko n'kumene kudachokera mmodzi wa alembi oyamba a nkhani zopeka m'Chichewa. Samuel Josia Nthara, yemwe adali mphunzitsi pamishonipo, adalemba buku la Nthondo, lomwe lidapambana pampikisano wa bungwe la International Institute of African Languages and Cultures la ku London ndipo lidatuluka mu 1933. Chaka chotsatira, Thomas Cullen Young adalimasulira m'Chingerezi ndi mutu wakuti Man of Africa. Nthara adalembanso Mbiri ya Achewa ndi mabuku ena.

Mpingo wa Katolika nawo udali ndi malo ake. Ansembe a chipani cha White Fathers adatsegula mishoni ya Likuni kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, pamtunda wochepa chabe kuchokera ku Old Town. Likuni Press idayamba mu 1949, ndipo mu 1950 idayamba kutulutsa nyuzipepala ya The African, yomwe pambuyo pake idasintha dzina n'kukhala Odini. Pa nthawi yomweyo maboma a atsamunda a Nyasaland ndi Northern Rhodesia adali ndi bungwe limodzi lofalitsa mabuku lomwe likulu lake lidali ku Lusaka, ndipo mabuku a Chinyanja ankawoloka malire mosavuta pakati pa Lilongwe ndi Fort Jameson, komwe lero ndi ku Chipata.

Mphamvu ya mamishoni idagona pa kafalitsidwe. Mpingo umodzi womwewo ndiwo unkaphunzitsa munthu kuwerenga, kusindikiza buku, n'kulifikitsa kumudzi kudzera mwa aphunzitsi ndi alaliki. Mtengo unkakhala wotsika chifukwa cholinga sichidali phindu. Kuipa kwake kudali kwakuti zolembedwa zinkayenera kugwirizana ndi chiphunzitso cha mpingo, ndipo miyambo ngati Gule Wamkulu inkaoneka m'mabuku ambiri ngati chinthu choyenera kuchisiya.

Buku m'manja mwa boma, 1964 mpaka 1994

Dziko litalandira ufulu mu 1964, boma lidatenga gawo lalikulu la njira ya buku. Bungwe la Malawi Book Service ndilo linkagula ndi kugawa mabuku a sukulu m'dziko lonse. Kampani ya Dzuka, yomwe idakhazikitsidwa mu 1975 pansi pa Blantyre Print, kampani imene Dr Hastings Kamuzu Banda adali ndi gawo lalikulu, inkafalitsa mabuku ambiri a sukulu, ndipo masitolo a Times Bookshop a kampani yomweyo adali m'mizinda ndi m'maboma ambiri, kuphatikizapo Old Town. Mipingo idapitiriza ntchito yake kudzera ku Nkhoma, Likuni, Montfort Press ya ku Limbe ndi bungwe la Christian Literature Association in Malawi, lodziwika kuti CLAIM, lomwe lidayamba mu 1968.

Chaka cha 1968 chidabweretsa zinthu zitatu zimene zidaumba kawerengedwe ka m'dziko muno. Choyamba, msonkhano wa chipani cha Malawi Congress udagamula kuti Chichewa chikhale chiyankhulo cha fuko limodzi ndi Chingerezi, ndipo mu 1972 padakhazikitsidwa Chichewa Board yoyang'anira kalembedwe kake. Izi zidakulitsa msika wa mabuku a Chichewa, ngakhale kuti zidapondereza ziyankhulo zina monga Chitumbuka, chomwe chidachotsedwa m'sukulu ndi pawailesi. Mabuku a John Gwengwe, monga Sikusinja ndi Gwenembe komanso Kukula ndi Mwambo, ndi a E.J. Chadza, monga Ntchito za Pakamwa, adafika m'sukulu zambiri. Pambuyo pake kudabwera alembi ngati Willie Zingani, Jolly Max Ntaba ndi Whyghtone Kamthunzi, omwe mabuku awo aang'ono otsika mtengo ankagulidwa ndi anthu wamba kuti azikawerenga kunyumba.

Chachiwiri, bungwe la National Library Service, lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1967, lidayamba ntchito. Likulu lake lili ku City Centre mu Lilongwe, ndipo lili ndi nthambi m'mizinda ndi m'maboma osiyanasiyana. Ku City Centre komweko kudalinso malaibulale a British Council ndi a ofesi ya kazembe wa America, komwe ophunzira ndi ogwira ntchito m'boma ankawerengako mabuku ndi magazini akunja.

Chachitatu chidali lamulo la Censorship and Control of Entertainments, lomwe lidapereka mphamvu ku Censorship Board zoletsa buku lililonse. Mabuku mazanamazana adaletsedwa, kuphatikizapo Animal Farm la George Orwell. Alembi ena, monga Legson Kayira ndi David Rubadiri, adakhala kunja kwa dziko zaka zambiri. Buku la ndakatulo la Jack Mapanje, Of Chameleons and Gods, lidasindikizidwa ku London mu 1981, kenaka lidachotsedwa m'masitolo, m'malaibulale ndi m'sukulu za m'dziko muno. Mwini wake adamangidwa mu September 1987 ndipo adakhala m'ndende ya Mikuyu osazengedwa mlandu mpaka mu May 1991. Nthawi imeneyo buku linkapezeka pamtengo wofikirika, koma wina ndiye ankasankha loti anthu awerenge.

Zolembedwa zidathandizanso kuthetsa ulamulirowo. Kalata ya maepiskopi a Katolika yomwe idawerengedwa m'matchalitchi pa 8 March 1992 idasindikizidwa ku Balaka m'Chingerezi, m'Chichewa ndi m'Chitumbuka. Boma lidalengeza kuti kupezeka nayo ndi mlandu, ndipo malo omwe idasindikizidwira adatenthedwa, koma makope ake adali atafalikira kale.

Ufulu wa 1994 ndi ufumu wa buku la sukulu

Pambuyo pa riferendamu ya pa 14 June 1993 ndi chisankho cha pa 17 May 1994, malamulo oyendetsera dziko adateteza ufulu wolankhula ndi wofalitsa nkhani m'ndime 35 ndi 36. Mabuku omwe adali oletsedwa adabwerera. Ku Zomba kudayamba Kachere Series, yomwe idatulutsa mabuku ambiri a mbiri, chipembedzo ndi ndale, ndipo alembi adakhazikitsa bungwe lawo la Malawi Writers Union mu 1995. Ofalitsa mabuku nawo adapanga bungwe la Book Publishers Association of Malawi.

Koma m'zaka zomwezo njira yakale yofalitsira mabuku idagwa. Malawi Book Service idatsekedwa pakati pa zaka za m'ma 1990, pa nthawi imene boma linkasiya malonda ambiri m'manja mwa anthu, ndipo masitolo a Times Bookshop adanka nachepa. Mlembi adapeza ufulu wolemba chimene akufuna pa nthawi yomwe galimoto yofikitsa buku lake ku Mchinji, Dowa kapena Ntchisi idali itaima.

Chinthu china chachikulu cha mu 1994 chidali maphunziro aulere a pulayimale. M'chaka chimodzi chiwerengero cha ophunzira chidakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Kuyambira pamenepo, buku la sukulu ndilo lakhala mwini msika. Mabuku a pulayimale amakonzedwa ndi Malawi Institute of Education ku Domasi ndipo amagawidwa ndi boma, nthawi zambiri ndi thandizo la mabungwe akunja, osadutsa m'sitolo. Ndondomeko ya National Reading Programme, yomwe idayamba mu 2016 mothandizidwa ndi boma la America, idagawa mabuku a Chichewa ndi Chingerezi a Sitandade 1 mpaka 4 mwanjira yomweyo. Kusekondale, makampani amalemba mabuku motsatira silabasi n'kuwapereka kuti aunikidwe, ndipo buku likalowa pamndandanda wovomerezeka limakhala ndi ogula otsimikizika chaka ndi chaka.

Zotsatira zake zimaoneka pamashelefu. Wofalitsa mabuku amene ali ndi mpamba wochepa amasankha buku la masamu la Fomu 3 kusiyana ndi nkhani yopeka, chifukwa kholo limagula buku la mayeso ngakhale ndalama zitavuta. Buku la zolembaluso limagulidwa kwambiri likasankhidwa kukhala la mayeso a JCE kapena MSCE. Ndi chifukwa chake Nthondo, buku la mu 1933, lidabwereranso m'masitolo litalowa m'silabasi ya Chichewa ya MSCE, pamene mabuku ena ambiri a m'zaka za m'ma 1980 sapezekanso.

Chimene chimakweza mtengo wa buku

Pali kusiyana pakati pa wofalitsa buku ndi wosindikiza. Wofalitsa amalandira zolemba za mlembi, amalemba ntchito mkonzi ndi wojambula chikuto, amalipira kosindikiza, amasunga mabuku ndi kuwafikitsa m'masitolo, kenaka amapatsa mlembi gawo lake pa buku lililonse logulidwa. Wosindikiza ali ndi makina okha, ndipo amalandira malipiro ake buku ligulidwe kapena lisagulidwe. Alembi ambiri a mu Lilongwe masiku ano amasenza okha ntchito yonse ya wofalitsa. Amapeza nambala ya ISBN ku National Archives of Malawi ku Zomba, komwenso lamulo la Printed Publications limati kuperekedwe kope ya buku lililonse lofalitsidwa m'dziko muno. Nambala za mabuku a ku Malawi zimadziwika ndi 99908 ndi 99960.

Mapepala osindikizira, inki ndi zipangizo za makina zimachokera kunja ndipo zimagulidwa ndi ndalama zakunja. Kwacha itagwa mu May 2012, kenaka ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo yosindikizira idakwera limodzi nayo. Pamwamba pa izi pali lamulo la makina: ndalama zoyambitsira ntchito n'zofanana kaya munthu akusindikiza makope 300 kapena 10 000, choncho makope akachepa, buku lililonse limadula. Mlembi amene alibe ndalama amasindikiza ochepa, mtengo umakwera, ogula amachepa, ndipo ulendo wotsatira amasindikiza ochepa kuposa poyamba. Maoda akuluakulu a mabuku a sukulu, omwe akadalimbitsa makampani a m'dziko muno, nthawi zambiri amakasindikizidwa kunja, monga ku India ndi ku South Africa, komwe mtengo ndi wotsika.

Sitolo nayo imatenga gawo lake, ndipo kawirikawiri imalandira mabuku a mlembi mwa pangano lakuti idzalipira akagulidwa. N'chifukwa chake mwambo wokhazikitsa buku wasanduka msika weniweni wa alembi ambiri. M'mahotela a ku City Centre ndi ku Bingu International Convention Centre, mlendo wolemekezeka ndi anzake a mlembi amagula makope oyamba pamtengo wokwera kwambiri, ndipo ndalama za tsiku limenelo ndizo zimabweza zomwe zidalowa posindikiza. Mwambo ukatha, makope otsala amayenda m'buti ya galimoto ya mlembi.

Buku likadula, fotokope imalowa m'malo. Pafupi ndi sukulu ndi makoleji pali malo ochita fotokope komwe buku lathunthu limakopedwa, ndipo mabuku ena a silabasi amasindikizidwa mwakuba n'kumagulitsidwa m'misewu. Bungwe la Copyright Society of Malawi, COSOMA, lomwe lidayamba mu 1992 ndipo likulu lake lili mu Lilongwe, ndilo limayang'anira umwini wa zaluso. Limapereka ziphaso ku sukulu ndi malo ochita fotokope n'kugawa ndalamazo kwa eni zolemba. Lamulo latsopano la umwini wa zaluso lidakhazikitsidwa mu 2016 kulowa m'malo mwa la mu 1989.

Komwe mabuku akupezeka lero

Old Town ikadali phata la malonda a mabuku. Maneno, Grey Matter ndi CLAIM Mabuku ndi ena mwa mayina odziwika pamalondawa mumzindawu, ndipo katundu wawo wambiri ndi mabuku a sukulu, madikishonale, Mabaibulo, makope ndi zolembera. Malonda amatentha sukulu zikamatsegulira, n'kuzizira pakati pa teremu. Ku Old Town Mall, sitolo ya Central Africana idadziwika kwa zaka zambiri ndi mabuku a mbiri ya dziko lino, mapu akale ndi mabuku a zithunzi, omwe ogula ake ambiri adali alendo.

M'makhonde a masitolo ndi m'misika muli msika wina, wa mabuku a kaunjika. Mavenda amayala pansi nkhani zopeka zakunja, mabuku olimbikitsa za chuma ndi utsogoleri, mabuku a alaliki otchuka, mapamfuleti ndi mapepala a mayeso akale. Boma lidachotsa mavenda m'misewu mu 2006 n'kuwalozera kumisika yomangidwa, koma malonda a m'khonde amabwererabe chifukwa ndi pomwe pamadutsa anthu. Apa mtengo ndi wokambirana, ndipo kwa anthu ambiri a mumzindawu iyi ndiyo sitolo ya mabuku imene amaidziwa.

Ku City Centre, laibulale yaikulu imadzaza kwambiri mayeso akayandikira. Ambiri mwa okhala pamatebulo amabwera ndi manotsi awo, kufuna malo abata ndi owala omwe kunyumba kulibe. Gawo lalikulu la mabuku a m'malaibulale a m'dziko muno ndi mphatso zochokera kunja, kudzera m'mabungwe ngati Book Aid International a ku Britain, ndipo ambiri ndi a Chingerezi. Pofuna kuchepetsa vutoli, National Library Service idayamba kufalitsa yokha mabuku a ana otchedwa Werengani, komanso idagwira ntchito yojambula ndi kusunga nthano za makolo kuchokera m'maboma osiyanasiyana, mogwirizana ndi nthambi ya UNESCO ya m'dziko muno.

Phindu la laibulale, ngakhale yaing'ono, lidaoneka pa William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu. Atasiya sukulu chifukwa cha njala ya mu 2001 ndi 2002, adabwereka buku la Using Energy m'kalaibulale ka kwawo n'kupanga makina opukusa magetsi ndi mphepo. Komabe mbiri yake, The Boy Who Harnessed the Wind, idafalitsidwa ku America mu 2009, ndipo idafika mu Lilongwe ngati buku loitanitsa kunja, pamtengo wa kunja.

M'madera a mipanda zinthu n'zosiyana. Sukulu monga Bishop Mackenzie ku Area 3 ndi African Bible College ku Area 47 zili ndi malaibulale awoawo. Mabanja opata amagula mabuku akapita ku Johannesburg, Nairobi kapena London, amatuma abale, kapena amagula pa intaneti n'kumawerengera pa Kindle. Motero anthu amene ali ndi ndalama zochirikizira sitolo ya mabuku mumzindawu ndi omwenso saidalira kwenikweni. Alendo akamabwerera kwawo amagulitsa kapena kupereka mabuku awo, ndipo ena mwa mabukuwo amatsikira m'makhonde a ku Old Town.

Ofalitsa atsopano ndi foni ya m'manja

Kwa zaka zambiri ntchito yofalitsa mabuku idali ya ku Blantyre ndi ku Zomba, koma Lilongwe yayamba kukhala ndi mayina ake. Shadreck Chikoti, yemwe adasankhidwa mu 2014 kukhala mmodzi wa alembi 39 achinyamata a mu Africa pamndandanda wa Africa39, adayambitsa Story Club, bwalo lomwe alembi ndi okonda zaluso amakumana kuwerengerana ndi kuunikirana zolemba. Iye adatulutsa buku la Azotus the Kingdom ndipo adatsogolera ntchito ya Imagine Africa 500, buku la nkhani zoyerekeza za Africa wa zaka 500 zikubwerazo. Kampani ya Logos Open Culture, yomwe adayambitsa Muti Phoya, yafalitsa mabuku a mbiri ndi chikhalidwe, kuphatikizapo Lomathinda: Rose Chibambo Speaks la Timwa Lipenga mu 2019.

Makina atsopano osindikiza buku limodzilimodzi pokhapokha wina akaliitanitsa athandiza kuti mabuku a ku Malawi apezeke kunja. Bungwe la African Books Collective la ku Oxford limagulitsa mwanjira imeneyi mabuku a Kachere, Mzuni Press ndi Luviri Press. Izi zachititsa kuti nthawi zina wophunzira wa ku Edinburgh apeze buku la mbiri ya Malawi msanga kuposa mnzake wa ku Bunda.

Kusintha kwakukulu kwa owerenga wamba kwadza ndi foni. Manotsi, mapepala a mayeso ndi mabuku athunthu amayenda pa WhatsApp. Alembi achinyamata amaika nkhani zawo pa Facebook chigawochigawo, zambiri m'Chichewa cha m'tauni, ndipo ena amagulitsa zolemba zawo polandira ndalama pa Airtel Money kapena TNM Mpamba. Buku Lopatulika ndi Buku Loyera zili pa foni, ndipo mtanthauziramawu wa Chichewa ndi Chingerezi wa Steven Paas umapezeka pa intaneti. Foni yachotsa mtunda wa pakati pa Chinsapo ndi City Centre, koma yabweretsa mtengo wa bandulo, ndiponso buku likangolowa m'gulu limodzi la WhatsApp mlembi sapezaponso kanthu.

M'sukulu za pulayimale mwalowa matabuleti. Ntchitoyi idayesedwa koyamba pasukulu ya Biwi mu Lilongwe mu 2013 ndi mabungwe a VSO ndi onebillion, ndipo mu 2023 boma lidayamba kuifalitsa m'dziko lonse pansi pa ndondomeko ya BEFIT. Ana a makalasi oyambirira amaphunzira kuwerenga ndi masamu m'Chichewa pamatabuleti otchajidwa ndi mphamvu ya dzuwa, koma tabuletiyo imatsala kusukulu mwana akaweruka.

Malo a buku la Chichewa

Chichewa ndicho chiyankhulo cha msika, minibasi, tchalitchi ndi wailesi mu Lilongwe, koma m'sitolo ya mabuku chili ndi shelefu yaing'ono. Zifukwa zake zikuchokera m'zonse zafotokozedwazi. Mphatso zakunja zimabwera m'Chingerezi, kaunjika ndi wa Chingerezi, ndipo ogula opata amawerenga Chingerezi. Wophunzira sangalandire satifiketi ya MSCE popanda kukhoza Chingerezi, ndipo lamulo la maphunziro la mu 2013 lidati Chingerezi ndicho chiyankhulo chophunzitsira, kusintha ndondomeko yakale yophunzitsa makalasi anayi oyamba m'chiyankhulo cha ana. Makolo amaona komwe mphepo ikulowera, n'kugula mabuku motsatira.

Zipangizo zolembera Chichewa zilipo. Centre for Language Studies ya ku University of Malawi, yomwe idalowa m'malo mwa Chichewa Board mu 1996, idatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja mu 2000. Owerenga aliponso, monga momwe masamba a Chichewa a m'nyuzipepala, ndakatulo za pawailesi ndi nkhani za pa Facebook zikuonetsera. Msika wake sulekera pamalire, chifukwa chiyankhulochi chimayankhulidwanso ku Chipata, Lusaka, Tete ndi Niassa. Chimene chikusowa ndi chomwe mamishoni adali nacho, chomwenso Malawi Book Service ndi Times Bookshop zidali nacho mwanjira yawo: buku laling'ono lotsika mtengo, losindikizidwa lambiri, ndi njira yolifikitsa komwe anthu amakhala. Mwana amene waphunzira kuwerenga Chichewa pa tabuleti ku Biwi akafika kunyumba amapeza Baibulo ndi buku la nyimbo, monga momwe agogo ake ankapezera, ndipo buku lachitatu loti awerenge limadalira ngati wofalitsa, laibulale ndi wogulitsa adzafike ku Biwi, Kawale ndi Area 25.